Za Maphunziro a pa Koleji: Wofuna Digiri ndi Wongodzatola Nzeru

Nkhani iyi inakambidwa kwa aphunzitsi ndi makolo a m'cigwa ca Domasi, ndipo yasindikizidwa pano kuti iwerengedwe m'midzi ndi m'masukulu.

Anthu okhala m'mbali mwa mseu wocokera ku Zomba kunka ku Liwonde anazolowera kuona alendo akutsika pa Domasi, masutikesi ali pa mutu, akufunsa njira ya ku koleji. Ena afika masukulu akamatsegulidwa, ena afika masukulu atatsekera, nthawi ya chuthi. Anthu akawaona amangoti, "Awo ndi a ku koleji," ndipo nkhani ithera pomwepo. Mauwo ngoona ndithu, koma sakwanira. Mwa anthu awiri otsika basi imodzi, olowa pa cipata cimodzi ndi kudya nsima ya mphika umodzi, wina akhoza kukhala pa ulendo wa zaka umene udzatha ndi dipuloma kapena digiri, pamene mnzaceyo wangodzakhala masabata awiri kuti atole nzeru zina za nchito yace ndi kubwerera kwao. Kusiyana kumeneku sikuoneka pa nkhope kapena pa cobvala. Kuli m'buku la mlembi wa koleji, momwe dzina la munthu linalembedwa tsiku loyamba, ndipo makolo ambiri akuzindikira mocedwa, mbuzi zitagulitsidwa kale ndi mpunga utatha m'nkhokwe.

Wofuna digiri

Wophunzira wofuna digiri ndiye amene koleji yamlandira kuti ayende ulendo wonse, kuyambira pa ciyambi kufikira pa mapeto. Salowa cifukwa cakuti ali ndi ndalama m'thumba ai. Ayamba wapempha malo, akuru a koleji ayang'ana makhozedwe ace, ndipo akakhutira amlembera kalata yomuitana. M'mayunivesite a Boma a m'Malawi muno, cocepetsetsa cimene afuna ndi satifiketi ya MSCE yokhala ndi makirediti 6, kuphatikizapo Cingelezi. Koma popeza ofuna malo ngambiri kopambana malowo, ambiri okhala nao makirediti 6 atsalabe kunja. Nchito yosankha ana ocokera ku sekondale iyendetsedwa ndi bungwe la National Council for Higher Education, limene anthu alichula mwacidule kuti NCHE, lokhazikitsidwa ndi lamulo la caka ca 2011.

Akalowa munthu wotere sasankha maphunziro monga mai asankha tomato pa msika wa Songani. Koleji inaika kale mndandanda wace: izi nza caka coyamba, izi nza caka caciwiri, ndipo palibe kulumpha. Mayeso alemba pa mapeto a cigawo ciri conse ca caka, ndipo malikisi ace alembedwa pansi pa dzina lace ndi nambala yace. Akalephera abwereza, ndipo akalephera kopitirira muyeso koleji imuuza kuti apite kwao. Digiri yoyamba kawirikawiri itenga zaka 4, ndipo ya udokotala ipitirira pamenepo. Dipuloma itenga zaka zocepera, koma nayonso ndi ulendo wathunthu wokhala ndi khomo lolowera ndi khomo lotulukira. Cotero m'nkhani yino wofuna dipuloma awerengedwa pamodzi ndi wofuna digiri.

Munthu ayerekeze mmisiri womanga nyumba ya njerwa. Maziko akumbidwa, cingwe cakokedwa, ndipo mzere uli wonse wa njerwa ukhala pamwamba pa unzace kufikira denga. Ndimo ali maphunziro a digiri: phunziro liri lonse limene wophunzira akhoza ndi mzere umodzi wa khoma. Tsono pali munthu wina amene waumba njerwa zabwino zedi, naziocha bwino, koma waziunjika pa bwalo popanda maziko. Njerwazo nzeni zeni, ziri ndi nchito, angathe kumangira khola kapena citofu. Koma angakhale ziunjikane kufika pa nsonga ya mtengo wa mango, palibe amene adzati pamenepo pali nyumba.

Wongodzatola nzeru

Wa njerwa zounjikayo ndiye wophunzira wosafuna digiri, kapena kuti wophunzira wapadera. Alipo a mitundu ingapo. Woyamba, amene adziwika kwambiri kuno, ndi munthu wa pa nchito amene akuru ace amtumiza ku kosi yaifupi, monga mphunzitsi, mlangizi wa ulimi kapena wa za umoyo. Wina ndi amene adzipempha yekha kuti aphunzire phunziro limodzi kapena awiri, nalemba mayeso ace, osalowa mndandanda wonse. Ku yunivesite ya UNISA ku South Africa, imene yaphunzitsa anthu kupyolera m'makalata kuyambira caka ca 1946, kulembetsa kotere kuli ndi dzina lace lace. M'makoleji a ku America mulinso ena amene aloledwa kungokhala pansi ndi kumvera, osalemba mayeso konse. Amenewa atuluka ndi zimene zalowa m'mutu basi. Palinso mlendo wocokera ku yunivesite ya dziko lina amene adzakhala miyezi yowerengeka. Ameneyo digiri yace iri kwao, kuno wangodzaceza ndi mabuku.

Onsewa cimene alingana ndi ici: koleji sinalonjeze kuwapatsa digiri kapena dipuloma. Pomaliza ambiri alandira cipepala conena kuti uje anafika ndipo anakhala nao pa maphunziro akuti akuti. Cipepalaco cimakhala cokongola, nthawi zina ndi cidindo cofiira ndi maluwa m'mbali, ndipo pa khoma la pabalaza cioneka bwino kopambana satifiketi ya MSCE. Koma cinena zimene cinenazo, kuti munthuyo anafika. Sicinena kuti anamaliza ulendo.

Pano pafunika kunena momveka, pakuti anthu alakwa mbali ziwiri. Ena akweza kosi yaifupi kuiyesa digiri. Enanso ainyoza kuti ndi kutaya nthawi. Onse awiri alakwa, ndipo anthu a m'cigwa cino ndiwo sayenera kuinyoza konse, cifukwa mbiri ya Domasi inamangidwa pa maphunziro otere.

Zimene Domasi anaona

Misyoni ya Domasi inatsegulidwa m'caka ca 1884 ndi Alexander Hetherwick wa Misyoni ya Blantyre. Patapita zaka, mu 1929, Boma la nthawi imeneyo linatsegula sukulu ya Jeanes Training Centre, mothandizidwa ndi ndalama za bungwe la Carnegie la ku America. Dzina lakuti Jeanes linacokera kwa mai wina wa ku Philadelphia, Anna Jeanes, amene mu 1907 anapereka cuma cace kuti cithandize masukulu a m'midzi a anthu akuda a kumwera kwa America. Ganizo lace linali lakuti mphunzitsi mmodzi wophunzitsidwa bwino aziyendera masukulu ang'ono ang'ono ndi kuthandiza anzace. Ku Kenya anayamba sukulu yotere pa Kabete mu 1925, ndipo Domasi anatsatira.

Aphunzitsi obwera ku Jeanes sanali kubwera okha. Anali kubwera ndi akazi ao ndi ana ao, nakhala m'mudzi wacitsanzo. Amuna anaphunzira kayang'aniridwe ka masukulu a m'midzi, kalimidwe, kukumba zimbudzi ndi kusamala zitsime. Akazi anaphunzira kalereredwe ka ana, kusoka, kuphika ndi ukhondo wa pa nyumba. M'zaka za m'ma 1930 mafumu nao anayamba kuitanidwa kuti adzakhale miyezi yowerengeka, kuphunzira za milandu, za misonkho ndi za kasamalidwe ka midzi yao. Palibe mfumu imene inacoka pa Domasi ndi digiri. Palibe mkazi wa mphunzitsi amene anabvala mkanjo ndi cipewa ca ngodya zinai. Komabe nzeru zimene anatenga zinafika m'midzi yakutali kumene munthu wa digiri sanapondeko.

Masiku amenewo wofuna digiri analibe kolowera m'dziko muno. Masukulu a sekondale omwe anali atangoyamba kumene: Blantyre mu 1940, Zomba mu 1942, Dedza mu 1951. Amene anafuna kupitirira anayenera kuoloka malire, kunka ku Makerere ku Uganda, ku Fort Hare ku South Africa, kapena ku Salisbury, mzinda umene tsopano ndi Harare, pamene koleji ya kumeneko inayamba kuphunzitsa mu 1957. Orton Chirwa anabwera ndi digiri ya ku Fort Hare nadzaphunzitsa pa Domasi pompano, asanapite ku London kukaphunzira za malamulo. Henry Masauko Chipembere nayenso anatenga digiri yace ku Fort Hare. Anthu otere anali owerengeka pa zala, ndipo ncifukwa cace mau akuti "B.A." anali kuchulidwa ndi ulemu waukuru m'midzi, ngakhale ndi nkhalamba zosadziwa kuwerenga.

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, niyamba kuphunzitsa mu 1965 pa Chichiri ku Blantyre ndi ophunzira 90. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo kuyambira mu 2021 dzina lakuti Yunivesite ya Malawi latsalira koleji ya ku Zombayo, pamene makoleji ena a ku Blantyre ndi ku Lilongwe anasanduka mayunivesite paokha. Pa Domasi, Malawi Institute of Education inakhazikitsidwa mu 1979 kuti ikonze masilabasi ndi mabuku a m'masukulu, ndipo silabasi ikasintha iitana aphunzitsi, akuru a masukulu ndi alangizi ku maphunziro a masiku owerengeka. Domasi College of Education inayamba kuphunzitsa aphunzitsi a sekondale mu 1993. Cotero m'cigwa cimodzi comweci muli nyumba za mitundu yonse iwiri ya ophunzira.

Cimene cinasokoneza anthu kwambiri cinadza pambuyo pace. Mu 1994 Boma linacotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana anacuruka kucokera pafupi 1.9 miliyoni kufika pafupi 3 miliyoni caka cimodzi. Mu 1998 malo ophunzirira a m'midzi amene kale anali a maphunziro a m'makalata anasandutsidwa masukulu a sekondale oyendera, ochedwa CDSS. Aphunzitsi ambiri a m'masukulu amenewa anali ophunzitsidwa za pulayimale zokha. Pofuna kuwakweza, mu 2000 koleji ya Domasi, mothandizidwa ndi dziko la Canada, inayamba kuphunzitsa dipuloma kwa aphunzitsi ali pa nchito. Anali kuwerenga mabuku kwao masukulu ali m'kati, ndi kubwera ku Domasi pa chuthi. Kenaka mu 2004, mothandizidwa ndi dziko la Japan, kunayamba maphunziro ena ochedwa SMASSE, osula aphunzitsi a masamu ndi sayansi kuti aziphunzitsa bwino.

Tsono taonani aphunzitsi awiri a m'masiku amenewo, a sukulu imodzi, onse atamanga katundu pa chuthi. Woyamba anali pa dipuloma. Anapempha malo, anasankhidwa, anali ndi nambala, ndipo chuthi ciri conse cinali mzere wa njerwa pa khoma lace. Waciwiri anaitanidwa ku maphunziro osula aja. Anabwerako akudziwa kuphunzitsa sayansi ndi mabotolo, zitini ndi mphira za njinga pamene sukulu iribe zipangizo, ndipo ana ace anapindula sabata lomwelo. Kunena zoona, mwina ana anapindula msanga ndi waciwiriyu kopambana woyamba. Koma zitatha zaka, woyamba yekha ndiye anali ndi dipuloma yoonetsa pamene Boma lifuna mphunzitsi woyenera wa sekondale. Waciwiri akanasonkhanitsa zipepala khumi za makosi otere, sizikanasanduka dipuloma imodzi.

Mnyamata wa ku mpunga

Nkhani yonga iyi yamveka m'midzi yambiri, ndipo maina alibe nchito. Kunali mnyamata kumunsi kwa mtsinje wa Domasi, cakufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene anthu adalira mpunga. Analemba MSCE nakhoza, koma makirediti ace anali 4 okha, ndipo dzina lace silinatuluke pa mndandanda wa osankhidwa. Tsiku lina anamva kuti sukulu yina ya m'tauni ilandira ali yense, popanda kufunsa makirediti, ndipo maphunziro ace atha miyezi 6. Pa cikwangwani pace panali mau akuti koleji. Bambo wace anagulitsa matumba a mpunga amene anasungira njala ya February, mai wace anagulitsa mbuzi ziwiri, ndipo m'mudzi monse munamveka kuti mwana wa uje wapita ku koleji.

Anabwerako ndi cipepala cace m'envulopu yaikuru. Anayesa kufunsira nchito kuwiri kutatu, osaitanidwa. Potsiriza anapita kwa amalume ace, amene anapuma pa nchito ya uphunzitsi, kuti amthandize kulemba kalata yabwino. Nkhalambayo inabvala magalasi, niwerenga cipepalaco kawiri.

"Mphwanga, kalata imene anakuitanira ku sukuluko iri kuti?"

"Kunalibe kalata, amalume. Ndinangolipira, nandipatsa lisiti."

"Nanga mayeso munalemba?"

"Tinalemba kamodzi, koma anati ali yense wakhoza."

"Kodi unafunsa kuti ukamaliza udzalandira ciani, ndipo cimeneco acibvomereza ndani?"

Mnyamatayo anangoyang'ana pansi. Amalume aja anati, "Usatukwane sukuluyo msanga. Werenga wekha apa. Alemba kuti unafika ndi kuphunzira za kompyuta ndi kasungidwe ka mabuku a ndalama miyezi 6. Kodi sunaphunzire?"

"Ndinaphunzira, amalume."

"Ndiye sananame. Iwo anagulitsa nsomba, iwe ndi bambo wako munaganiza kuti mwagula ngalawa."

Akuru akale anati safunsa anadya phula. Koma mlandu suli pa mnyamata yekha. Makolo nao akonda mau akuti koleji kopambana kufunsa cimene ciri m'katimo, ndipo mwana akaona kuti bambo wace walengeza kale pa bwalo, acita manyazi kunena kuti kosi yace njaifupi. Palinso masukulu ena, osati onse, amene adziwa bwino kuti anthu a m'midzi sasiyanitsa, nakhala cete dala. Pa amenewa mpamene akuru anati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Za ndalama

Kusiyana kwina kuli pa thandizo. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene libwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa. Ngongole imeneyi anaikonzera amene alandiridwa pa maphunziro athunthu obvomerezeka, m'koleji yobvomerezeka, ndipo munthu abweza akamaliza. Wa kosi ya masabata kapena wa phunziro limodzi asaike mtima pamenepo. Iye alipira yekha, kapena amlipirira amene amtuma. Ndimo ziri ngakhale ku maiko olemera: ku America thandizo la Boma kwa ophunzira kawirikawiri lipita kwa ofuna digiri kapena satifiketi yobvomerezeka, ndipo wophunzira wapadera adziyang'anira yekha.

Komabe pa mbali yina wophunzira wapadera ndiye apepukidwa. Sataya zaka 4. Sasiya munda, mkazi ndi ana. Mai wogulitsa mpunga amene afuna kudziwa kalembedwe ka ndalama zolowa ndi zotuluka alibe cifukwa cofunira digiri, ndipo kumkakamiza kutero ndi kumtayitsa cuma. Mlimi wa nsomba za m'maiwe amene aphunzira kwa alangizi a za nsomba a pa Domasi safuna mkanjo, afuna kuti cambo ndi makumba zikule. Kwa otere kosi yaifupi ndiyo yoyenera, ndipo ndalama yace ibwera msanga.

Kodi njerwa zounjika zingalowe pa khoma?

Funso limeneli lifunsidwa kawiri kawiri, makamaka ndi aphunzitsi. Munthu aganiza kuti, "Ndiyambe ndi phunziro limodzi, kenaka ndikadzalandiridwa adzandiwerengera." Nthawi zina zitheka, koma pali zinthu zitatu zoti adziwe. Coyamba, kukhala wophunzira wapadera si lonjezo lakuti koleji idzamlandira pa digiri. Ayenera kupemphabe malo ndi kukwaniritsa zonse zimene anzace akwaniritsa. Caciwiri, zimene zingawerengedwe ndi maphunziro okhala ndi mayeso ndi malikisi olembedwa m'buku la koleji. Kumvera cabe ndi kufika cabe sikuwerengedwa. Cacitatu, mwini wace wa digiri ndi koleji imene idzaipereka, ndipo ndiyo iweruza kuti ilandira zingati ndi kukana zingati. Makoleji ambiri aika malire, cifukwa safuna kuika dzina lao pa nyumba imene anamanga ena. Cotero lonjezo la pakamwa la kalaliki wa pa windo, kapena la mnzace wa m'basi, liribe mphamvu. Lilembedwe, ndipo lisainidwe ndi mlembi wamkuru wa koleji.

Pali njira yina imene yathandiza ambiri, ndiyo yolowera anthu akuru. Mayunivesite a m'dziko muno alandira munthu wokhala ndi dipuloma yobvomerezeka amene wagwira nchito zaka zingapo, ndipo ena ayambira caka caciwiri kapena cacitatu ca digiri. Aphunzitsi ambiri akwera motero: pulayimale, kenaka dipuloma, kenaka digiri. Koma cimene citsegula khomo limenelo ndi dipuloma yeni yeni, yocokera ku koleji yobvomerezeka. Zipepala za makosi zithandiza kuonetsa kuti munthuyo ngwakhama, ndipo pa mafunso a nchito zikhoza kumuika patsogolo pa mnzace wolingana naye. Kupitirira apo sizifika.

Mau akuti "yobvomerezeka" abwera kawiri kawiri m'nkhani yino, ndipo ali ndi mwini wace. Bungwe la NCHE lija, limene likhala ku Lilongwe, ndilo lilembetsa makoleji ndi kuyesa maphunziro ao, ndipo lifalitsa maina m'manyuzipepala ndi pa intaneti. Munthu ayang'ane zinthu ziwiri, dzina la koleji ndi dzina la maphunziro amene afunawo, pakuti koleji ikhoza kukhala yobvomerezeka pamene maphunziro ena a m'katimo sanayesedwe. Mphunzitsi ali yense wokhala ndi lamya ya m'manja angathe kuthandiza kholo kuona zimenezi asanagulitse kanthu, ndipo si nchito ya ola lathunthu.

Zoyenera kufunsa

Kholo kapena wophunzira asanapereke ndalama ayenera kuona kalata yomuitana, ndi kuiwerenga pamodzi ndi munthu wodziwa Cingelezi bwino. Kalata ya wofuna digiri ichula dzina la digiri kapena dipuloma, zaka zace, ndi nambala kapena malo olembetsera. Ngati kalata palibe, kapena ichula miyezi ndi ndalama zokha, munthu afunse molimba mtima: "Pepani bwana, mwanayu akamaliza adzalandira ciani? Kodi ndi digiri, dipuloma, kapena cipepala ca kufika? Nanga adzacipereka ndani, inu nomwe kapena bungwe lina?" Funso lotsirizali nlofunika, cifukwa masukulu ena aphunzitsa cabe, ndipo mayeso eni eni ndi a bungwe lina limene lifuna ndalama zace zapadera. Kufunsa kotere si mwano. Koleji yoona iyankha mosabvuta, ndipo kawirikawiri yankho liri kale losindikizidwa.

Mphunzitsi wa pa nchito ali ndi funso lina loonjezera, ndipo alifunse kwa akuru a maphunziro a m'boma lace asanayambe, osati atamaliza: kodi maphunziro amenewa adzawerengedwa pa kukwezedwa kapena ai? Ngati yankho nlakuti ai, koma maphunzirowo adzathandiza ana a m'kalasi mwace, apite ndithu, ali wodziwa cimene apitira. Makalata onse, malisiti ndi mapepala a malikisi asungidwe m'bokosi louma kumene ciswe sicifika, cifukwa tsiku lodzapempha kuti maphunziro akale awerengedwe, koleji idzafuna mapepala, osati umboni wa anansi.

Mnyamata wa ku mpunga uja sanataye cipepala cace. Amalume ace anamtengera kwa mwini sitolo wina amene anafuna munthu wolemba katundu wolowa ndi wotuluka, ndipo kumeneko nzeru za miyezi 6 zija zinagwira nchito yace. Pa malipiro ace anayamba kupatula pang'ono mwezi uli wonse, nalembetsa ku sukulu ya madzulo kuti alembenso maphunziro a MSCE amene sanakhoze bwino. Mbuzi za mai wace wabweza imodzi.